Onzi pa Vinti ndi Mwendo wa Tereza

Anzanga, amene muli panjinga yamoto imani kaye pambali. Amene mukupalira mbatatesi ikani khasu pansi, pezani mwala mukhalepo, foni muigunditse kukhutu. Lero sinditumiza mafunso a kimika, kapena zithunzi zoseketsa zija mumanditukwana nazo kuti ndikukutherani mamega. Lero ndili ndi nkhani yangayanga, ndipo mukundidziwa, ndikatsegula pakamwa sindipuma.

Kwa inu mwalowa kumene m'gulu lino, dzina langa ndine Feliberto, kwathu ndi ku Chidzolomondo, ku Macanga. Mutu uli ndi imvi koma pakamwa mpamnyamata, nchifukwa chake ana a m'gulumu amanditcha Tiyu Radyo, ndiye kuti malume wailesi. Gululi ndinalitsegula ndine, kuti amene mukufuna kulemba ezame, mayeso olowera udotolo, muzithandizana.

Dzulo mtsikana wina walemba muno kuti: "Tiyu, medya yanga yatuluka onzi. Ndiiwale za udotolo? Kunyumba ndawauza kuti ndapeza kinze." Epa! Malikisi ake omaliza ndi khumi ndi limodzi pa makumi awiri, iye nkuwauza kuti khumi ndi asanu. Ambiri mwamuyankha za onziyo, wina akuti limba mtima, wina akuti gulitsa tomato. Ine onzi sinandiopse. Chandiopsa ndi kinze wabodzayo. Mwana wanga, ine ndinayenda njira imeneyo mpaka kumapeto kwake, ndipo ndikufuna ndikuuze chimene chili kumeneko.

M'mudzi mwathu ndinali woyamba kupita ku shikola yaikulu ku Tete. Tsiku lonyamuka amayi anauza aliyense wodutsa panjira kuti, "Uyu akukaphunzira udotolo." Palibe anawauza zimenezo. Anangoona kuti ndimatha kuwerenga kapepala ka m'bokosi la mankhwala, basi nkhani inatha. Kuchokera tsiku limenelo dzina langa linafa, ndinasanduka Dotolo.

Ku Tete kunali kutentha, njala, nkhondo itatseka misewu yonse. Koma ndisabisale kumbuyo kwa nkhondo. Anzanga ena ankamwa phala lomwelo lopanda shuga nkumapeza dezaseti, khumi ndi asanu ndi awiri. Ine kimika inkandizunguza mutu, ndipo m'malo mofunsa ndinkalongolola, kuseketsa anthu kumbuyo kwa kalasi. Tsiku lomata pauta pakhoma, ndiye kuti mndandanda wa zotsatira, ndinayamba kufuna dzina langa pamwamba. Chala chinatsika, chinatsika, chinakalipeza kufupi ndi pansi. Onzi pa vinti. Kukhoza ndinakhoza, koma kukhoza kwa munthu wolowa m'nyumba chitseko chikutsekedwa.

Nthawi imeneyo sunkasankha wekha ayi. Boma linkakugawa ngati mbewu. Apamwamba aja, udotolo ku Maputo. Ine anandilembera uphunzitsi. Ndipo masiku amenewo mphunzitsi wa kumudzi anali woyamba kusakidwa ndi anyamata a mfuti a m'tchire. Mantha analipo, inde. Koma chachikulu chinali manyazi. Dotolo abwerere kwawo ndi choko? Pepala londitumiza ku uphunzitsilo ndinaling'amba.

Ndinakwera koluna, magalimoto aja ankayenda mondondozana moperekezedwa ndi asilikali, kenako wapansi masiku angapo, kufunsa anthu kumene abale anga anathawira. Kwathu kunali kutatenthedwa. Amayi anali atamwalira ine ndili ku shikola, osandiuza. Otsala ndinakawapeza m'misasa ya udzu, m'mapiri a ku Tsangano kufupi ndi malire, kozizira koti mano amagundana masana. Anali alongo anga aakulu a Rozalina, amuna awo a Paulino, ndi mwana wawo mmodzi, Tereza, wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Alongo anga atandiona anataya nkhuni, nthungululu mpaka phiri linayankha.

"Dotolo wathu wabwera! Feli, wakhoza?"

"Ndakhoza, mana."

"Akutenga?"

Anthu a m'misasa yonse anali atazungulira. Anthu ovala masaka, ana a zipere, onse maso pa ine. Ndinati, "Anditenga. Ndikungodikira msewu wa ku Maputo utseguke."

Mawu ochepa chonchi. Sanatenge ngakhale nthawi yomwera madzi.

Kuchokera pamenepo zinatsetsereka zokha. Mawa lake panabwera mayi ndi mwana wotsokomola. Mkuja nkhalamba ya chilonda. Ndikanati sindidziwa? Wamalonda wina woyenda m'malire anandibweretsera siringa yagalasi yobayira, singano ziwiri, ndi bata, chovala choyera chija cha kuchipatala, zimene anatola pa posito, kachipatala kena kothawidwa. Timabotolo ta mankhwala ankabwera nato yekha, tina zolemba zitafufutika. Ndipo anthu athu mukuwadziwa. Ukawapatsa piritsi amati wawanyoza. Mankhwala enieni ndi injesau, jakisoni yowawa, yoti munthu atsimphine pobwerera. Ndiye ndinkabaya. Wamutu kubaya, wam'mimba kubaya, wosweka mtima kubaya. Singano ndinkaiphika m'kachitini ka sadinya, tsiku limene nkhuni zapezeka. Ikabuntha ndinkainola pamwala. Ankandipatsa mbatatesi, nkhuku, koma makamaka kachasu.

Anzanga, palibe munthu anandiphunzitsapo pobaya. Ine injesau ndinkaidziwa ngati wobayidwa, ndipo wobayidwa amayang'ana kukhoma.

Mantha ankandigwira, ndiye ndinkamwa kapu imodzi ya kachasu m'mawa kuti ndilimbe mtima. Kapu imodzi inabala anzake. Bata lija linayamba kununkha ngati mbiya yotcherezera.

Munthu mmodzi yekha sanandikhulupirire, alamu anga a Paulino. Anali munthu wofatsa, woluka madengu, wokonda kuyenda Tereza ali pamapewa. Tsiku lina akuluka anandiyang'ana cham'mbali.

"Alamu, dotolo wanji wosamufunsa munthu pamene pakupweteka? Ngakhale wothena nkhumba amayamba waigwiragwira."

"Inu akamwini lukani madengu. Za shikola zisiyireni eni ake."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya kuseka. "Chabwino. Koma wanga uyu akadzadwala, mundisiyire ndekha. Ndidzamubereka mpaka kumene kuli chipatala."

Tereza anadwala bambo ake kulibe. Anali atawoloka malire kukasinthitsa madengu ndi mchere, ulendo wa masiku anayi. Thupi la mwana linatentha ngati chiwaya. Alongo anga anabwera akuthamanga, dzuwa lili pamutu, ine nditamwa kale.

"Feli, ukubaya ana a eni, wako yemwe ukumuyang'ana?"

Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa wa bambo ake. Ndiwe mwini mbumba. Ndinatenga siringa. Tereza atandiona anakwawira kukona kwa msasa.

"Atsibweni, musandibaye. Ndimwa owawa aja, sindilavula."

"Kamodzi kokha, mayi. Ndikupatsa pichesi."

Amayi ake anamugoneka chafufumimba pamiyendo. Ndinasankha pakati penipeni pa thako, ponona, poganiza kuti pamenepo mpamene sipangapweteke kwambiri. Ndinabaya.

Ana onse amalira ukawabaya. Kulira kuja kunali kwina. Anauma thupi lonse nkukuwa kuti, "Moto! Amayi, moto wafika kuphazi!" Ine ndinati, "Ndiye kuti mankhwala akuyenda." Ndinamaliza kukankha onse.

Malungo anatha patapita masiku atatu. Koma atadzuka kuti ayende, phazi lamanzere linakana kudzuka. Linkangolendewera, zala zikukhukhuluza pansi. Akadutsa pabwalo ankasiya mzere m'fumbi ngati wakoka nkhuni.

Amayi aakulu a m'misasa anasonkhana, anandiitana. "A Dotolo, ichi nchiyani?"

Ndinadziwa. Sindinkadziwa dzina lake, koma ndinadziwa kuti chinalowa ndi singano yanga. Ndinati, "Izi si zachipatala."

Mukudziwa chimene mawu amenewo amatsegula kwathu. Ngati si zachipatala ndiye kuti ndi za m'nyumba. Mayi wina anati tsempho. Kwa ana a m'tauni amene simudziwa: akuluakulu amati bambo akayenda ndi mkazi wina kunja, nkubwera kudzakhudza mwana wake, mwanayo wamusempha, amadwala. Ndipo a Paulino anali atangofika kumene kuchokera kutsidya, atagona kunja masiku anayi. Maso onse anatembenukira kwa iwo.

Analumbira. Anatchula Mulungu, anatchula manda a amayi awo. Kenako anatembenukira kwa ine, thumba la mchere likadali m'manja.

"Alamu, inu munapita ku shikola. Auzeni anthuwa."

Ndinati, "Za m'nyumba mwanu ine sindilowerera."

Alongo anga anasiya kuwaphikira. Mkamwini alibe pothawira, mudzi si wake, ndipo mudzi wake unali phulusa. Anapirira sabata imodzi. Kenako ananyamula thumba lopanda kanthu, nati akupita ku Chidzolomondo kukafukula chimanga chimene anakwirira m'dzenje pothawa. Anthu anawaletsa kuti njira imeneyo sikuyenda munthu. Iwo anati, "Mwana adye chimanga cha bambo ake, mwina mudzakumbuka kuti ndine bambo ake." Tereza anawatsatira mpaka pamtsinje akukoka phazi, iwo anamubweza.

Sanabwerenso. Palibe mtembo, palibe manda, palibe wotiuza kuti anawaona pakuti.

Ine ndinangowonjezera kachasu. Ndipo ndinapitiriza kubaya anthu. Ndikufuna mumve bwino pamenepo, sindinasiye.

Patapita miyezi kunamveka kuti ku vila ya Tsangano kwafika enfirimera, namwino weniweni, akuona anthu pakhonde la nyumba ina yopanda zitseko. Alongo anga anati tipite naye Tereza. Ndinayesa zonse. Kutali, njira njoopsa, alibe mankhwala. Iwo anati, "Tiye, mukalankhulane za udotolo wanuwo. Ndiponso akuti samva Chichewa, undimasulire." Ndinavala bata langa, tinanyamuka kukucha, mwana kumbuyo kwa amayi ake.

Namwinoyo dzina lake anali a Jasinta, ochokera kumunsi kunyanja yamchere. Mayi wamfupi, mawu osasa, atavala nsapato zamphira za m'munda ndi majuzi awiri chifukwa kuzizira kwa ku Tsangano kunkawazunza. Pamzere panali anthu ambirimbiri, koma Tereza atafika sanafulumire. Anamukhazika pabenchi. Anatola kaudzu, namukanda nako pamwamba pa phazi.

"Mufunse ngati akumva," anandiuza m'Chipwitikizi.

Tereza anapukusa mutu.

"Muuze adzutse chala chachikulu."

Mwana anayesa mpaka nkhope inakwinyika. Chala chili phee.

Kenako anamutembenuza, nayamba kupapasa thako pang'onopang'ono. Chala chawo chinaima. Panali kachotupa kolimba ngati njere ya pichesi, pakati penipeni.

"Anamubaya ndani apa?"

Funso limenelo ndinalimasulira, sindikudziwa chifukwa chake, mwina pakamwa panathamanga kuposa mutu. Alongo anga anamwetulira, anandigwira paphewa monyadira. "Awa, alongo anga. Ndi a dotolo."

Mawu oti dotolo safuna womasulira. A Jasinta anandiyang'ana kuyambira kukolala ya bata mpaka kumapazi. Analozera alongo anga pamzere wa phala kuti akamwetse mwana, ine anandikodola kuti tizungulire kuseri kwa nyumba.

Kuseriko anatola khala pamoto wozima. Anajambula pakhoma chinthu chozungulira, nachidula ndi mtanda, chinakhala zipinda zinayi.

"Doutor, ili ndi thako. Ndionetseni chipinda chimene mumabaya."

Ndinaloza pakati, chakumunsi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anajambula mzere wochindikala kudutsa pamene ndinalozapo, kutsika mpaka pansi pa khoma.

"Apa pamadutsa mtsempha wonenepa ngati chala changachi, kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi. Ndi umene umadzutsa phazi. Pobaya ndi apa pokha, chipinda chapamwamba, chakunja. Izi timaphunzira sabata yoyamba. Wokolopa wa m'chipatala amazidziwa."

Ndinayang'ana khoma lija. Mtanda wa khala. Chinthu choti mwana wa kalasi yoyamba angajambule. Mwendo wa Tereza ndi moyo wa alamu anga zinali pakati pa chipinda ichi ndi icho, mpata wosakwana chikhatho.

"Achira?" ndinafunsa.

"Ena amachirako. Uyu miyezi yapita yambiri. Adzayenda, koma kuthamanga ayi." Anandinunkhiza. "Wamwa. Wabaya angati?"

"Sindikudziwa."

"Ku shikola unafika pati?"

Ndinawauza zonse. Tete, pauta, pepala long'ambidwa. Aka kanali koyamba kutchula onzi ndi pakamwa panga. Ndinalira ngati mwana, mamina mpaka pabata.

"Onzi?" anatero. "Ine ndinapeza dezi, khumi chabe. Dezi! Ndinayamba ndi kutaya mabeseni. Ana amene ndabadwitsa ndi manja awa akhoza kudzaza vila ino. Onzi sinapundule mwana uyu, mnyamata iwe. Wamupundula ndiwe, chifukwa unachita manyazi kunena kuti sukudziwa."

Kenako anatambasula dzanja. "Zinthu ziwiri. Choyamba, vula chovalacho, undipatse ndi siringa. Chachiwiri, pita ukawauze alongo ako m'chilankhulo chanu zimene ndakuuzazi. Ine sindingathe, ndipo si ntchito yanga."

Bata ndinavula pomwepo. Siringa ndinapereka.

Pobwerera, tili pachitunda, alongo anga anafunsa. "Ndiye akuti chiyani anzakowo? Nanga chovala chako?"

"Chovala ndawabwereka, alibe china. Akuti tizimuwongola phazi tsiku ndi tsiku."

"Nanga chinayambitsa?"

Tereza anali atagona kumbuyo kwawo, phazi lija likugunda pantchafu ya amayi ake pa sitepe iliyonse. Ndinati, "Akuti nzomwe zija ndinanena."

Alongo anga anapuma mozama, nalavula pambali. "Munthu uja," anatero. Kuchokera tsiku limenelo amuna awo analibenso dzina.

Tsopano mverani mmene ndinadzukira, chifukwa kudzuka ndinadzuka, ngakhale ndi mwendo umodzi.

Sabata yotsatira ndinabwerera kwa a Jasinta ndekha. Ankafuna womasulira ndi wotunga madzi. Anandilandira ndi lamulo: singano osaikhudza, ngakhale kuitsuka. M'mawa uliwonse ankati, "Tsegula pakamwa, puma." Akamva fungo ankandibweza pamaso pa mzere wonse. Anandibweza kanayi. Masabata oyamba osamwa thupi linkanjenjemera, ndowa inkafika theka. Ndinkataya mabeseni a magazi, kuchapa mabandeji oti agwirenso ntchito, kugwira miyendo ya anthu oponda mabomba okwirira pamene iwo akusoka. Anthu a m'misasa ankaseka: "A Dotolo atsika udindo, akutaya mikodzo!" Ndinkangoti inde.

A Jasinta anandifunsa kamodzi kokha ngati ndinawauza alongo anga. Ndinati ndikudikira nthawi yabwino. Sanafunsenso.

Tereza ndinkamuwongola phazi m'mawa uliwonse ndisananyamuke. Ndinadula mphira wa tayala, kumangirira kunsonga ya nsapato ndi kumsongolo kuti phazi lisakhukhuluze. Anayamba kuyenda bwinoko. Ankauza anzake kuti atsibweni ake amupangira mwendo wa galimoto.

Nkhondo itatha a Jasinta anawasamutsira ku Furancungo, ananditenga, ndinalembedwa ntchito ngati serventi, wothandizira m'chipatala. Apa mpamene ndinabwerera ku mabuku. Mphunzitsi ndinalibe. Ndinabwereka buku lawo la thupi la munthu, lopanda chikuto, ndi la kimika la mwana wa oyandikana nawo. Tsamba limodzi patsiku, osapitirira. Ndinkakopera pamapepala a matumba a simenti. Ndipo kulongolola kwangaku kunandithandiza koyamba m'moyo: chimene ndawerenga m'mawa ndinkachifotokoza mokweza kwa aliyense, odikira pamzere, mlonda, mbuzi za kuseri kwa chipatala. Ndikakakamira pakati ndiye kuti sindinamve, ndibwerere. Ndipo ndinaphunzira mawu amene anandikanika ku Tete: sindikudziwa, tandiuzani.

Nthawi imeneyo zogawa anthu zinali zitatha, kunabwera ezame yolowera. Ndinati mwayi wanga ndi uwu. Ndinalemba ya udotolo. Ndinagwa. Chaka chinacho, ndinagwa. Kachitatu ndinafika pafupi, koma pafupi si m'kati. Kusiyana kwake kunali kumodzi: ulendo uliwonse ndikabwerera, wondifunsa ndinkamuuza kuti ndalephera. Anzanga, mawu amenewo amawawa tsiku limodzi basi. Mawa lake anthu ali pa za fetereza.

A Jasinta anati, "Iwe ukugogoda khomo limodzi ngati nyumbayi ilibe ena. Ukufuna dzina kapena ukufuna kuchiza anthu?" Ndinalemba ya utekiniko wa medisina, ntchito yochiza odwala yosafika pa udotolo. Koyamba ndinagwanso, musaseke. Kachiwiri dzina langa linatuluka. Ndinakhala pabenchi ndi ana oti ndikanawabereka, ankanditcha vovo, agogo. Tsiku limene mphunzitsi anajambula thako pabolodi nkulidula ndi mtanda, ndinatuluka panja kukasanza.

Ndinamaliza. Ndagwira ntchito zaka zambiri ku Macanga konkuno. Sindine dotolo, sindinakhalepo dotolo. Wodwala akanditcha a dotolo ndimamukonza pomwepo, ngakhale akhale akubuula: "Tekiniko, amayi." Anzanga a pantchito amati ndimachita misala. Sadziwa.

Ndiye iwe mwana wanga wa onzi, ukufunsa ngati mwayi ulipo. Sindikunamiza, khomo la udotolo ndi lopapatiza, malo ngochepa, ndipo amene anapeza manota, malikisi apamwamba, amayamba ali kutsogolo kwako. Koma onzi si chilema. Onzi ikungonena mmene unawerengera zaka zapitazo, sinena za chaka chamawa. Werenga bwino chidziwitso cha shikola iliyonse, chifukwa malamulo ake amasiyana ndipo amasintha, usamvere zokamba za m'chapa, minibasi zathuzi. Peza pamene biyolojiya ndi kimika zinakuthawira, ubwerere pomwepo ngakhale likhale buku la kalasi yotsika. Lemba, ukagwa lembanso, ndipo polemba usalembe khomo limodzi. Unamwino ulipo, uzamba ulipo, za mankhwala, za labu, utekiniko. Ndikudziwa anthu amene anayambira mmenemo nkudzafika ku udotolo ali ndi ana kale. Ndikudziwanso ambiri amene sanafike, monga ine, ndipo odwala awo amachira bwinobwino. Wina akakuuza kuti akugulitsa nota kapena malo, thawa. Koma zonsezi zisanachitike, lero lomwe, dzuwa lisanalowe, pita ukawauze amayi ako kuti si kinze, ndi onzi. Akalipa, mwina alira. Bodza likadali laling'ono, ungathe kulinyamula ndi dzanja limodzi.

Ine langa ndinalisiya likule. Pa zinthu ziwiri zija anandilamula a Jasinta, ndinachita chimodzi.

Nthawi yabwino ija sinafike. Nditalembedwa ntchito ndinati ndikakhoza ezame. Nditakhoza ndinati ndikamaliza. Nditamaliza alongo anga anavina pabwalo ndi satifiketi yanga pamutu, ndinati lero ayi. Alongo anga amwalira dzinja lapitali, m'manja mwanga, pabedi la chipatala chimene ndimagwirako ntchito. Masiku awo omaliza ndinali nawo tsiku lililonse. Ndinawasintha madiripu, ndinawatembenuza, ndinawamwetsa phala. Pakamwa pangapa, pamene sipatseka, panatseka. Apita akudziwa kuti mwamuna amene ankawakonda anawachita chipongwe nkupundula mwana wawo.

Tereza alipo. Ndi mayi wa ana anayi, amagulitsa mbatatesi pamsika wa ku Tsangano, akuyendabe mokoka phazi. Dzina la bambo ake analichotsa, amalembetsa la kwathu. Ana ake sadziwa kuti agogo awo aamuna ankatchedwa ndani. Mwana wake woyamba anamutcha Feliberto. Ndikafika pamsikapo amaimirira movutikira, nkumauza amayi anzake kuti, "Awa ndi atsibweni anga, popanda awa bwenzi ndikukwawa." Amandidzazira thumba, ndalama amakana.

Ndipo Tereza ali ndi foni. Ana akenso ali nazo. Inu ndimakudziwani, chinthu chikakukomerani simusunga, mumatumiza kwa msuweni, msuweni kwa a kwaya, a kwaya kumsika. Mayina sindinasinthe ngakhale limodzi, ndachita dala. Ndadzitchera msampha ndekha chifukwa ndaona kuti mwa kufuna kwanga sindidzapita. Mawu awa akatuluka m'foni mwangamu, pofika Loweruka adzakhala atafika pa benchi ya mbatatesi ija. Ndiyenera kuwatsogolera. Chapa yonyamuka m'mawa ndalankhula naye kale woyendetsa, andisungira mpando wakutsogolo.

Sindikudziwa ngati akandithire madzi otsukira mbatatesi, kapena akangondiyang'ana osanena kanthu, chimene ndikuopa kwambiri. Ndikukamulanda atsibweni ake, kuti ndimubwezere bambo amene alibe ngakhale manda oti akalirepo. Mayi ake sangamvenso. Ine wa Radyo, amene ndimayankha mafunso anu onse, mawu oyambira ndilibe. Ndayesa pagalasi, ndayesa panjira, akungothera pa "Tereza, mayi."

Ndiye ndithandizeni, anzanga. Mutakhala inu, mwatsika chapa, mwafika pamsika, iye wakuonani patali wayamba kale kuimirira ndi kumwetulira, dzanja lili pathumba loti akudzazireni. Mungamusiye amalize kudzaza, kapena mungamugwire dzanja? Ndipo mawu oyamba, enieni oyamba, mungati chiyani?